Mfuti Imene Obrad Anakonza Yekha

Obrad sankayankha moni akakhala ndi tupa m'manja. Unkaima pakhomo pa shedi yake mpaka miyendo kuchita dzanzi, iye ataweramira chitsulo chake, ndipo akadzutsa mutu sankayang'ana iwe, ankayang'ana mfuti imene wanyamula. Akapeza kuti unayesa kumasula sikuluwu ndi nsonga ya mpeni, basi tsiku lako laipa. Ankakufunsa mofatsa ngati ana ako umawazula mano ndi nkhwangwa, kenako n'kuitana aliyense wodutsa pamsewu kuti adzaone zimene chitsiru chachita.

Ine ndimagulitsa tsabola ndi mavwende pamsika wa m'tauni. Pakamwa panga pamadziwika mpaka kokwerera basi, ndipo wapolisi ndi wansembe onse ndinawayankhapo. Koma m'shedi ya Obrad ndinkavula chipewa ngati wina aliyense, chifukwa kwathu kuno ku Shumadiya mwamuna aliyense ali ndi mfuti ya nguluwe, ndipo m'mudzi mwathu mfuti iliyonse inagonapo pa tebulo la munthu ameneyu.

Unyamata wake wonse anauthera ku fakitale ya mfuti m'tauni, kuimirira pa makina amodzi, kupala kachitsulo kamodzimodzi mpaka imvi. Mfuti yathunthu sanam'patsepo kuti aigwire. Mwina ukali wake unachokera pamenepo, koma sindikum'pepesera ayi. Ambiri anaima pa makina omwewo n'kubwerako ali anthu. Atapuma ntchito anatola makina akale opalira zitsulo amene ankati atayidwe, anawakoka ndi thirakitala ya mnansi, n'kuwaika m'khola la nkhumba kuseri kwa mitengo ya mapulamu. Nkhumbazo anazipha kuti makina apeze malo, kholalo n'kusanduka shedi yake. Malipiro sankatchula. Unkangosiya botolo la rakiya, kachasu wathu wa mapulamu, kapena mwendo wa nguluwe pawindo, ndipo rakiyayo akailawa n'kupeza kuti ndi yosukuluka, ankaithira pansi iwe ukuona.

Ntchito ankaidziwa, bodza n'loipa. Asanayambe kupala ankapaka choko pa tupa kuti tizitsulo tisakakamire m'mano n'kukanda. Mfuti sankaipana m'vayisi popanda chikopa uku ndi uku. Sikuluwu iliyonse inali ndi chomasulira chakechake, chonoledwa mpaka chikwane mpata ndendende. Polowetsa chitsulo cha mfuti mu thabwa la mtengo wa mtedza wotchedwa orahi ankachifukiza pa nyali ya parafini mpaka chide ndi mwaye, n'kuchikanikiza pathabwapo. Pamene padetsedwa ndiye pamene pakukhudza, ndipo ankapala pokhapo, pang'onopang'ono ngati akumeta khanda, n'kufukizanso. Akafuna kuti mpope wa mfuti ude bii, ankautsuka mafuta onse, n'kuusiya uchite dzimbiri mwadala, kenako kuuwiritsa, kuupukuta, kuusiyanso. Masiku amenewo chala chimodzi cha munthu chinkawononga ntchito yonse. Radoje, mkulu wa gulu lathu la alenje, anakhudzapo mpope wotero pousirira. Obrad anam'menya ndi tupa pamfundo za zala, ndipo mpaka lero chala chimodzi sichipinda.

Ndiye panali mwambo wake, umene unasanduka wa mudzi wonse. Akamaliza mfuti, chipolopolo choyamba ankaomba yekha akuloza chitini, tsaya lake lili pathabwa, mwini wake akuonerera. Chitini chikadumpha, nkhani yatha. Kuitenga mfutiyo n'kukaiyesanso kuseri kunali kum'nena Obrad kuti ndi wabodza, ndipo wotero sankapondanso pashedi. Panalibe amene ankayesa. Tinkachita kudzitama kwa anthu a midzi ina kuti ife timapita kuthengo ndi mfuti zosayesa.

Mkazi wake, Zagorka, anakhala m'nyumba imeneyo ngati mpando. Nsalu zake za paukwati zinathera kupukuta mafuta. Tsiku la maliro ake Obrad anachoka kumanda wansembe asanamalize, chifukwa anali ndi mipope imene dzimbiri linali litakwana, inkafunika kuwiritsidwa. Pobwerako tinam'peza akusonkha moto atavala suti yakuda. Anatsala ndi mwana mmodzi, Stamena, amene sanam'khululukire kuti anabadwa wamkazi. Dzina lake sankalitchula, ankangoti "iwe". Sukulu anam'siyitsa msanga kuti azim'gwirira nyali. Mnyamata akayesa kuima pampanda, Obrad ankatuluka ndi mfuti ya wina n'kuilozetsa komweko, akuti akuona ngati yawongoka.

Milun amayendetsa lole yotolera mkaka. Ndi chimphona chofatsa, munthu wopepesa galu akam'ponda mchira. Tinakulira limodzi, ndipo pankhondo zonse za kusukulu iye ankandigwirira jekete ine ndikum'menyera. Ameneyu ndi amene Stamena anam'funa, ndipo ine ndinavomera kukhala nkhoswe yawo, umene ndi ubale woposa wa magazi. Tsiku lina tili m'lole anandilumbiritsa, n'kundiuza chinthu chimene mudzi sunkadziwa. Maso a Obrad anali atayamba kufa. Zakutali ankaziona ndithu, koma zapafupi zinkasungunuka. Kwa zaka zambiri ntchito yonse yosalala, ya mwaye ija, ya dzimbiri ija, ankaigwira ndi Stamena chitseko chili chotseka. Bamboyo ankangotuluka kukaomba chitini ndi kulandira botolo. Zala zakuda za mtsikanayo ife tinkati n'zosenda orahi, amene makoko ake amadetsa manja. Ndiye Stamena akachoka panyumbapo, shedi yatha, Obrad watha, ndipo mwini wake ankadziwa zimenezo kuposa tonse.

Ine kusunga chinsinsi ndi ngati kumeza khala la moto. Koma ndinasunga.

Titapita kukafunsira, Obrad sanakane. Akanakana bwenzi mudzi utam'nena. Anatithirira rakiya, n'kunena kuti zonse zili bwino, koma mwambo wa apozi uchitike monga mmene ziyenera kukhalira pa nyumba ya mmisiri. Paukwati apozi amam'pachika pamwamba pa mtengo wa pachipata cha mkwatibwi, ndipo chipata sichitsegulidwa mpaka mkwati atam'gwetsa ndi mfuti. Ndi masewera chabe. Mkwati akaphonya kangapo, mchimwene wake kapena nkhoswe amaomba ndi mfuti yomwaza, anthu n'kuseka n'kulowa kukadya. Obrad anati kwake zimenezo kulibe. Mfuti ikhale ya chipolopolo chimodzi, ikhale ya mkwati, ndipo aombe mkwati yekha. Apozi akapanda kugwa, mtsikana satuluka.

"Mwamuna wolephera apozi wongokhala phee," anatero akumwetulira, "mwana wanga akam'dyetsa chiyani?"

Ndinayamba kukweza mawu, Milun n'kundiponda phazi pansi pa tebulo. Iye ku usilikali ankaomba bwino, ndipo anali ndi mfuti ya malemu bambo ake. Anavomera. Obrad anati mfutiyo ibwere kaye aione, chifukwa sangalole chinthu chadzimbiri chilire pachipata chake.

Inapita. Patapita masabata angapo anatiitana kuseri kwa shedi, mfuti ikunyezimira ngati yatsopano. Anaiika paphewa, chitini chinadumpha kutali kumunda uko, tonse tinagwedeza mitu. Milun atatambasula manja kuti ailandire, Obrad anati ayi, isiyeni pano mafuta alowerere, adzaitumiza m'mawa wa ukwati. Masiku otsalawo Stamena anali kwa azakhali ake kukasoketsa diresi. M'shedi munatsala bambo yekha.

M'mawa wa ukwati mfuti inafika itakulungidwa m'bulangete. Mtima wanga sunakhale pansi. Ndinam'kokera Milun pambali n'kumuuza kuti tizembere kuseri kwa munda wa chimanga tikaombe kamodzi kokha. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti akalavule m'tchalitchi.

"Mfuti yochokera m'manja mwa apongozi anga? Tsiku la lero? Akamva kulira kwake, ndikawayang'ana bwanji kumaso?"

Radoje anam'vomereza, anati nkhoswe yamwa msanga. Ndinawatukwana onse awiri n'kukwera ngolo.

Tinafika ndi malipenga ndi mbendera, mudzi wonse uli pambuyo pathu, fungo la nkhumba yootcha likutuluka pabwalo. Apozi wofiira anali pansonga ya ndodo yomangiriridwa pamwamba pa mtengo wa mabulosi, phiri lili kumbuyo kwake. Chipata chinali chotseka. Obrad anakhala pampando mkati mwa mpanda, miyendo atapingasa, ngati munthu wodikira basi.

Milun anavula jekete n'kundipatsa. Analoza modekha, anaomba. Masamba anagwa kumanzere kwa apozi. Anthu anaseka kuseka kwabwino, kwa paukwati. Anaombanso, masamba anagwanso kumanzere. Anapukuta maso, anagwada bondo limodzi kuti akhazikike bwino, anaombanso. Apozi anangokhala.

Kuseka kunayamba kusintha. Radoje anafunsa ngati tim'tsitsire apoziyo azingoluma. Mayi wina anati mkaka wam'lowa m'maso. Wina kumbuyo anati ngati masana akuphonya chonchi, Stamena aiwale zobereka. Oimba malipenga, agalu amenewo, anayamba nyimbo ya maliro, anthu n'kumagwirana mapewa ndi phwete. Ndinkaona malaya a Milun akunyowa kumsana. Munthu akayamba kudzikayikira saonanso kuti zipolopolo zake zonse zikupita malo amodzi. Iye ankangoganiza kuti dzanja lake ndi limene lam'pandukira. Zipolopolo za m'thumba zitatha, Obrad anadzuka, anapita m'shedi, n'kubwera ndi bokosi. Analipereka pamwamba pa chipata ndi manja awiri.

"Tengani, akamwini, musaumire. Ndili nazo zambiri. Nkhumba ikapserera tipha ina."

Apa ine magazi anakwera. Ndinatsomphola mfuti yomwaza kwa mlenje amene anali pafupi. Obrad sanakweze mawu. Anangoti nkhoswe ikaomba, chipata chikhala chotseka mpaka chaka chamawa, ndipo alendo akhoza kudyera mumsewu. Milun anandigwira mkono, osandiyang'ana. 

Kenako chitseko cha nyumba chinatseguka. Mkwatibwi satuluka yekha, amachita kutulutsidwa, ndipo azakhali ake ankam'koka diresi kumbuyo. Stamena anawasiya ndi chidutswa cha nsalu m'manja. Nthawi yonseyi anali pawindo kuyang'ana kumene masamba akugwera. Anadutsa bambo ake ngati akudutsa chitsa, anafika pachipata, n'kutambasula dzanja. Milun anam'patsa mfuti.

Kumlomo kwa mfuti kumakhala kachitsulo kolozera, timakatcha kantchentche. Kakasuntha pang'ono chabe, mulifupi mwa tsitsi, chipolopolo chimakagwera kwina. Pokasuntha amakagogoda ndi kamtengo ka mkuwa, ndipo mkuwawo umasiya kachizindikiro kachikasu pa chitsulo chakuda. Stamena anayendetsa chala chachikulu pamenepo. Ine ndinali pafupi, ndinakaona kachikasuko, kowala ngati dzino lagolide. Zaka zonsezi wopukuta tizizindikiro timeneti anali iye. Bambo ake sanakapukute chifukwa sanakaone.

Anatembenuka n'kuwayang'ana. Iwo ankayang'ana mabulosi. Ine ndinali nditakoka kale mpweya woti amve mpaka kutsidya kwa mtsinje, koma mtsikanayo ananena motsitsa, milomo osaigwedeza kwenikweni.

"Ankhoswe, mukatsegula pakamwa lero, ukwati uno usanduka maliro."

Sankanama. Abale a Milun anali pamenepo ndi mfuti zawo, rakiya atamwa kuyambira mamawa. Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere.

Stamena anaponyera nsalu ya kumaso kumbuyo, anaika mfuti paphewa la diresi loyera, n'kuloza kumanja kwa apozi, pamene panalibe kanthu. Apozi anaphulika, zidutswa n'kugwera pa zipewa za oimba. Anachotsa yekha mpiringidzo wa chipata, n'kutuluka kukaima pambali pa Milun. Panalibe amene anayerekeza kum'bweza. Kenako Obrad analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mwaona nonse. Lero mwana wanga wakwatira, Milun wakwatiwa."

Anthu anagwa nako kuseka. Obrad mwana wake anam'tayadi, koma anaonetsetsa kuti wom'tengayo asadzadzutsenso mutu.

Ndipo zinaterodi. Kuyambira tsiku limenelo Milun anakhala Mkazi wa Stamena. Akatsika kukanyamula zigubu za mkaka, pobwera ankapeza apozi pampando wa lole. Amayi a m'mudzi ankam'funsa ngati abambo a kunyumba ali bwino. Nyengo ya nguluwe itafika, gulu linam'kaniza malo oimapo ndi mfuti, anati apite ndi agalu kukaswa tchire, kapena atumize mwamuna wake. Iye ankangomwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko kunkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Stamena anali atamuuza zonse usiku wa ukwati womwewo, koma Milun naye anandiletsa kulankhula, akuti ndi bambo a mkazi wake, nkhalamba ikachotsedwa dzina itsala ndi chiyani. Ndinamuuza kuti ali ndi mtima wa ng'ombe ya mkaka. Tsiku lina Radoje anabwera pamalo anga pamsika n'kufunsa ngati ndili ndi maapozi akuluakulu oti mnzanga aziphunzirira. Ndinamuswera vwende pamutu. Masana onsewo ndinathera kupolisi, ndipo chifukwa chake sindinachinene.

Mfuti ija Stamena anaipachika pamwamba pa chitseko cha chipinda chodyera, n'kuletsa aliyense kuikhudza. Kwa bambo ake sanapondeko, ngakhale kuti ndi kungowoloka mtsinje. Kushedi zinthu zinayamba kuchedwa. Mfuti zinkabwerako ndi mipata yolowa kamtengo ka machesi pakati pa chitsulo ndi thabwa, mipope ili mawangamawanga ngati ng'ombe. Anthu ankati nkhalamba yasungulumwa, ndipo ankasiyabe mabotolo pawindo.

Mwana woyamba atabadwa, wamwamuna, tinachita phwando la ubatizo kwa Milun. Alenje onse analipo. Obrad sanaitanidwe, koma tili mkati mwa kudya tinangoona waima pakhomo ndi suti yakuda ija. Milun anadzuka msanga n'kum'patsa mpando wake. Nkhalambayo sinadye kanthu, sinapemphenso kuti inyamule mwanayo. Inadikira mpaka anthu atamwa mowa wofunira khanda moyo wautali, kenako inapisa m'thumba n'kutulutsa kanyundo ndi kamtengo ka mkuwa.

"Akamwini, tatsitsani mfuti ija ndiione. Mfuti ikakhalitsa pakhoma imasokonekera."

Ndinazindikira pompo. Anabwera kudzakagogoda kantchentche kabwerere m'malo mwake, kuti chinthucho chikhale ngati sichinachitike. Kaya kumeneko kunali kupepesa kwake, kaya kufufuta mapazi, sindikudziwa ndipo sindisamala. Milun, chitsiru changa chokondedwa, anali atayamba kale kukwera pampando.

"Isiye pomwepo, Milun," anatero Stamena. Anali chakumapeto kwa tebulo, mwana ali pachifuwa. Sanakweze mawu, koma mafoloko onse anaima. "Ababa, imeneyo musaikhudze. Pa zaka zonsezi ndi mfuti yokhayo imene munakonza nokha. Ikhale momwemo, anthu aziona ntchito yanu."

Kenako anauza Radoje kuti aitsitse iyeyo, ayang'ane kantchentche, aipereke kwa mnzake. Radoje anaitembenuzira kuwindo. Kachikasu kaja kanali pomwepo. Mfuti inayenda kuzungulira tebulo, dzanja ndi dzanja, ndipo aliyense akaiona ankayang'ana pansi. Palibe mlenje amene anafunika kufotokozeredwa. Ndinkawaona akuwerenga mumtima, aliyense kuganizira mfuti yake ya kunyumba, yosalala ija, ndi mfuti zamipata za chaka chimenecho. Radoje anayang'ana chala chake chosapinda, kenako anayang'ana manja a Stamena, amene tsopano anali oyera.

Obrad anabweza kanyundo m'thumba. Ine ndinakonzeka kumva mawu oluma monga mwa masiku onse, koma iye anangodzuka n'kulunjika kukhomo. Potuluka sanaone sitepe ya pakhomo, anagwa chogwada pabwalo. Milun yekha ndi amene anathamanga. Nkhalambayo inakankha dzanja lake, inadzuka yokha, n'kumapita ikupapasa mpanda. Stamena anatembenuza mwana kum'patsa bere lina. Ine ndinadziwonjezera kabichi.

Musaganize kuti Milun anapeza bwino. Radoje anabwera ndi botolo kudzapepesa, malo oimapo kuthengo anam'bwezera, koma dzina silinachoke. Paukwati panali mudzi wonse, paubatizo panali tebulo limodzi. Ana amene anali asanabadwe n'komwe tsiku limenelo amam'tchabe Mkazi wa Stamena, ndipo iye amayankha. Stamena sanagwirenso tupa. Alenje anam'nyengerera kuti am'gulire makina, iye anati fungo la parafini limam'sanzitsa.

Pawindo la shedi sipakhalanso botolo. Maso a Obrad anachita ng'ala, zakutali nazonso zinapita. Makina aja anawafunditsa chiguduli, ndipo mpheta zamanga zisa padenga pamwamba pake. Mwezi watha ndinadutsa kumeneko popita kokwerera basi. Anali pakhomo, atapana chidutswa cha chitsulo chakale m'vayisi, chikopa uku ndi uku, akupala pang'onopang'ono chinthu chosafunika kwa aliyense. Ndinapereka moni mwachizolowezi, osayembekeza kanthu. Anayankha msanga, tupa ali nayo m'manja, nkhope ataitembenuzira kumene kunachokera mawu. Anafunsa za msika, za mvula, za mavwende, kenako anafunsa ngati ndabwera ndi kanthu koti aone.

Ndinamuuza kuti ayi, ndikungodutsa. Mfuti yanga inali paphewa, ndinkapita nayo kwa mnyamata wina wa m'tauni wokonza mfuti. Sanaione.